Kusudzula Tsamba la Msuku

Ndinalota masana dzuwa lili paliwombo, nditatsamira khoma pakhonde, nsapato za kuntchito ndisanavule. Ndinalota ndadzuka pomwepo kuti ndikamwe madzi, koma nditakankha chitseko cha kuchipinda ndinapeza kuti m'chipindamo muli nkhalango ya pamwamba pa phiri la Mulanje, kumene ndimagwira ntchito. Bedi linali pamalo pake, pakati pa mikungudza iwiri, nkhungu ikudutsa kunsi kwake. Sindinadabwe. Ndinangodandaula kuti ulendo wa maola anayi, umene wandithera mawondo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, unali wongokankha chitseko, ndipo panalibe amene anandiuza.

Ntchito yanga anthu m'mudzi muno amaiseka, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndimatola masamba ogwa, n'kuwayanika, n'kuwayeza pasikelo, n'kuwasokera m'timatumba ta neti, kenako n'kukawagoneka pansi m'nkhalango, tina kumunsi kofunda, tina pamwamba pozizira. Pakapita miyezi ndimakatitolanso n'kutiyeza. Mayi Kalinde, amene amatsogolera kafukufukuyu, amafuna kudziwa chifukwa chimene masamba ena amawola msanga pamene ena amatha zaka ali chigonere. Pa ntchito yathu thumba labwino ndi limene lapepuka. Iwo ali ndi makina awo ku Zomba, ine ndili ndi lilime. Tsamba la mtangatanga ukalitafuna ndi lofewa, lili ndi chija iwo amati nayitirojeni, ndipo nthaka imalilandira ngati ndiwo. La paini ndi utomoni wokhawokha. La msuku ndi lokhuthala ngati chikopa, limaumitsa malovu ngati nthochi yosapsa, moti tizilombo ta m'dothi timangolilambalala. Makina awo ndi lilime langa sizinatsutsanepo.

Mayi Kalinde anali atakhala pabedi langa, atavala majombo, kabuku kawo kali pamwendo.

"Bambo Makwinja, lero ndi tsiku lotolera," anatero. "Kwatsala matumba awiri."

Ndinawauza kuti matumba onse tinatolera mwezi watha, ndipo ndinanyamula ndine.

"Awa munagoneka nokha, patha zaka zitatu. Simunalembe."

Ndinadziwa zimene ankanena. Patha zaka zitatu chimwalirire mkazi wanga Eneresi. Ine pano ndine mkamwini. Ndinabwera kuchokera kwa Namasoko, kuseri kwa phirili, ndili ndi tsitsi lonse m'mutu, ndipo ndakhala pamalo a kwawo kwa Eneresi zaka makumi atatu ndi zinayi. Abale ake akhala akudikira kuti andisudzule monga mwa mwambo, agawe zovala za malemu, andithokoze, andimasule ndizipita kwathu. Akudikira mawu anga okha. Ine chaka choyamba ndinati mtima sunakhale m'malo, chachiwiri ndinati tidikire mwana wathu Lusiya abwere kuchokera ku Joni, chachitatu ndinati ntchito yachuluka. Alamu anga a Dolofe, akulu ake a Eneresi, si munthu wankhanza, koma nawonso atopa ndi kuyankha mafunso a abale. Chimene sindinawauze ndi ichi: munthu akasudzulidwa n'kubwerera kwawo, tsiku lake likakwana amakaikidwa kwawo komweko. Ine ndimafuna kudzagona pambali pa Eneresi. Ndinkaganiza kuti ndikamazengereza, imfa idzandipeza ndidakali pano, ndipo anthu adzachita manyazi kundinyamula kukandiika kuseri kwa phiri.

Tinanyamuka. Mayi Kalinde anali patsogolo, ine pambuyo ndi sikelo m'manja. Njira inatsika pang'ono n'kutifikitsa m'misuku, ngakhale kuti misuku simera pamwamba pamenepo. Pansi panali masamba a zaka zambiri, ouma, olira pansi pa nsapato, ofika m'mawondo. Palibe limodzi limene linali litayamba kuwola.

Pamenepo tinapeza mtengo wa msuku ukusudzula tsamba lake. Tinaima pambali mwaulemu, ine ndinavula chipewa.

"Mwagwira ntchito pakati pathu," unatero mtengo. "Dzuwa mwatitungira, mvula mwatitchingira. Tilibe nanu chifukwa. Tsopano bwezani zobiriwira."

Tsamba linabweza. Kubiriwira kunatsika m'mitsempha yake n'kulowa m'nthambi, ndipo linasanduka lachikasu, kenako lofiirira.

"Bwezaninso zonona."

Linabwezanso. Izi ndimazidziwa kuntchito: kumene dothi lili losauka, mtengo sutaya tsamba usanayamwemo zabwino zonse. Koma sindinkadziwa kuti zimachita kupemphedwa ndi pakamwa.

"Nanga ine ndipita ndi chiyani?" linafunsa tsamba.

"Mupite ndi zowawa zanu. Zimenezo ife sitizigwiritsa ntchito."

Tsamba linathothoka n'kugwa pamwamba pa anzake. Amati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, koma mtengo umenewu sunaonetse manyazi ngakhale pang'ono. Unatembenukira kwa tsamba lina n'kuyambanso mawu omwe aja. Ndinapsa mtima, koma ndinalibe mphamvu zoti ndikangane ndi mtengo. Ndinavala chipewa tinapitirira.

Thumba loyamba tinalipeza pa chikhomo chomangidwa kansalu kofiira, monga ndimachitira ndekha kuti ndisasochere. Ndinawerama kuti ndiwerenge kachitsulo kamene timalembapo nambala, ndipo panalembedwa dzina langa, Edisoni Makwinja. Nditaweramuka ndinapeza kuti ndili m'kati mwa thumbalo. Neti inandikuta kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Msoko wake unali wanga, wobwereza kawiri, uja Mayi Kalinde amauyamikira kuti sumasuka.

Anandikweza pasikelo ndi dzanja limodzi. Sikeloyo inakhosomola kaye.

"Sanapepuke," inatero. "Mmene analemerera tsiku la maliro, ndi mmene akulemerera lero."

"Ngakhale pang'ono?" anafunsa Mayi Kalinde.

"Wawonjezerako chinyontho."

Analemba m'kabuku kawo akupukusa mutu. Ndinachita manyazi ngati mwana amene walephera mayeso a phunziro limene bambo wake amaphunzitsa. Ndinati mwina ndi kuzizira, pakuti pamwamba pano chilichonse chimachedwa kuwola. Iwo anati kuzizira kuli ndi mbali yake, koma pa kuzizira komweko mtangatanga umatha msuku udakali wathunthu, ndiye tisanamizire nyengo. Anati ayitana odziwa kulawa.

Panali benchi pansi pa mkungudza, ndipo odziwa kulawawo anali atakhala pamenepo ngati anthu odikira kuchipatala. Anali atatu, aakulu ngati anthu: chiswe, bongololo ndi nyongolotsi. Chiswe chinali chitafunda bulangeti. Chinapepesa kuti icho pamwamba pano sichigwira ntchito, mano amachita dzanzi, ndipo chinatsanzika n'kutsika phiri.

Bongololo anali ndi fumbi lofiira m'miyendo yake yonse. Anati wachokera kwa Namasoko, kumanda a kwathu, kumene kunagona amayi anga ndi amalume anga, ndipo wayenda masiku asanu ndi anayi. Anandipempha chilolezo, n'kulowetsa mutu pa bowo la neti, n'kundiluma pang'ono pachigongono. Anatafuna nthawi yaitali akuyang'ana kumwamba.

"Ameneyu sitikumudziwa," anatero. "Dzina ndi lathu, koma kakomedwe si kathu. Wadya za kwina nthawi yaitali."

"Ndiye mumukana?" anafunsa Mayi Kalinde.

"Ife sitikana munthu, mayi. Tidzamudya. Tidzangochedwa."

Ndinaona ngati mlandu ukundikomera. Ndinakumbutsa Mayi Kalinde zimene anandiphunzitsa okha, zoti tsamba nthawi zambiri limawola bwino pansi pa mtengo wake, popeza tizilombo ta pamenepo tinazolowera kakomedwe kake. Ndinati ngati kwathu sakundidziwa, ndiye kuti mtengo wanga uli kuno, ndipo kundisamutsa n'kuwononga kafukufuku. Ndinalankhula bwino kwambiri, kuposa mmene ndimalankhulira ndili maso.

Iwo anangokodola nyongolotsi.

Nyongolotsiyo inali ya m'dimba la Eneresi, limene ndalima zaka zonsezi. Sinafune n'kundiluma komwe. Inangondinunkhiza m'khosi n'kubwerera pabenchi.

"Thukuta lake timalidziwa," inatero. "Talimwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo tikuthokoza. Koma mwini wakeyo ndi wowawa. Ndi msuku weniweni."

"Nanga kale munkatani naye?" anafunsa Mayi Kalinde.

"Kale anali wosakaniza."

Pamenepo ndinamvetsa, chifukwa matumba osakaniza ndimasoka ndine. Ukaika tsamba la msuku pamodzi ndi la mtangatanga m'thumba limodzi, timaulusi toyera ta bowa timayamba kudya lofewalo, kenako n'kuwolokera kwa lolimbalo titanyamula zonona za mnzake, ndipo msuku uja umayamba kugonja. Eneresi ndiye ankaseka ndi anthu, ine n'kumangogwedeza mutu kumbuyo kwake. Ndikayankha munthu mokhadzula, iye ankapita madzulo ndi mbale ya mbatata kukakonza. Anthu ankati a Makwinja ndi munthu wabwino ukawazolowera, osadziwa kuti amene anamuzolowera ndi mkazi wawo. Chimwalirire iye, ndi anthu ochepa amene amakhota pakhomo panga, ndipo ine ndimati ndi iwowo amene anasintha.

"Ndiye mundisakanizenso," ndinatero. "Thumba lachiwirilo ndi la Eneresi, ndikudziwa. Mundigoneke pambali pake. Sindikupempha nyumba, sindikupempha dimba. Pambali pake pokha."

Mayi Kalinde anatseka kabuku kawo.

"Tisanagoneke, timayamba tatolera," anatero. "Lamulo limeneli munalipanga ndinu."

Tinayendanso. Ine ndinkayenda ndili m'thumba momwemo, timasitepe tating'ono, neti ikukoka zitsamba. Ndinatopa kwambiri. Ndinkafuna kukhala pansi, koma paliponse pamene ndinkati ndikhale, masamba ankasuntha n'kundisiyira mwala. Njira inadutsa kuseri kwa kabati ya m'chipinda chathu, pamene pali sutikesi ya zovala za Eneresi imene sindinaitsegulepo, kenako inawoloka kamtsinje, ndipo tinafika pa msitu wa manda a kwawo kwa Eneresi. Dzuwa linali lidakali paliwombo. Silinasunthe chiyambire ulendo.

Mayi Kalinde anaima m'mphepete.

"Ine muno sindilowa, si kwathu," anatero. "Tengani sikelo. Mukandiuze nambala yokha."

Ndinati nanenso sindingalowe kumanda popanda maliro ndiponso popanda chilolezo.

"Bambo Makwinja, mwakhala muli momwemo zaka zitatu," anatero.

Ndinalowa. M'katimo munali mozizira bwino, ndipo pansi panali pofewa, dothi lakuda lonunkhira mvula. Munalibe mulu wa masamba ngati m'misuku muja. Tsamba likagwa linkangofika pansi n'kuyamba kulowa. Malo a Eneresi ndinawadziwa ndi mkuyu umene uli kumutu kwake. Kumanja kwake kunali kampata kamene ndinakaona tsiku la maliro, kokwana munthu mmodzi wosanenepa, ndipo kanali kadakalipo. Ndinasangalala kukaona, sindibisa.

Thumba lake linali pamwamba pa mtumbira, mizu ing'onoing'ono italisokerera kudothi. Ndinagwada n'kuyamba kuidula umodzi umodzi ndi zikhadabo, kudzera m'mabowo a neti yanga.

"Bambo a Lusiya, mwalowanso m'chipinda ndi nsapato."

Anali mawu a Eneresi, koma sanachokere m'thumbamo. Anachokera m'mwamba, m'nthambi za mkuyu.

"Pepani, mayi a Lusiya. Ndachokera kuntchito."

"Inu mumachokera kuntchito nthawi zonse. Nyamulani, muone chimene mwadzera."

Ndinanyamula. Ndinali nditakonzekera kulemera, moti ndinatsala pang'ono kugwa chagada. M'thumbamo munali kachitsulo ka dzina lake ndi mabatani atatu oyera a bulauzi ya amayi a Mvano imene tinamuveka. Munalibenso china. Ndinaliika pasikelo, ndipo sikelo inadikira kanthawi ngati ikuyembekeza kuti ndiikepo kanthu.

"Thumba labwino," inatero pomaliza, motsitsa mawu.

"Ndinatha pa mvula yachiwiri," anatero Eneresi. "Sizinapweteke. Dothi la kwathu linandidziwa msanga."

Ndinafunsa kuti nanga ali kuti.

"Pang'ono ndili mumkuyu muno. Pang'ono ndinatsika ndi madzi, ndinadutsa pamlatho wa Likhubula anthu akuchapa, sanandizindikire. Pang'ono ndinapita ndi mbalame zimene zimadya nkhuyu."

"Mbalame zimenezo zimafika kwa Namasoko?"

"Sindinazifunse."

Ndinakhala pansi pakampata kanga kaja, ndipo ulendo uno palibe chimene chinasuntha. Ndinamuuza zonse zimene sindinauze munthu wamoyo. Ndinati ndanamiza abale ake zaka zitatu. Ndinati ndimadzuka m'mawa n'kudzifunsa ngati lero ndi tsiku limene ndipambane, kutanthauza kufa ndisanasudzulidwe, ndipo likamalowa dzuwa ndili bwinobwino ndimakhumudwa. Ndinati malo awa ndawasunga ndi bodza, ndi mwano, ndi kudzitsekera m'nyumba anthu akabwera kudzakambirana.

"Malo mwasungadi," anatero. "Koma mudzayandikana ndi mabatani."

Anazinena mofatsa, monga ankanenera kuti malaya ndavala chotembenuza. Ndinalira pang'ono. Misozi inkakodwa mu neti osafika pansi.

"Ndikuopa kukawola ndekha, mayi a Lusiya. Mwamva zimene anena, ndine msuku. Popanda inu ndidzakhala chigonere mpaka kalekale, kudothi limene silindidziwa."

"Kusakaniza kuja kunali kwa amoyo, bambo. Ine mbali yanga ndinachita, ndipo munkadyeka ndithu, musadzinyoze. Koma zonona zimene munkafuna kwa ine zinapita. Mukagona apa mudzachedwa, mukagona kwanu mudzachedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti apa mukuvutitsa mkulu wanga."

Mphepo inadutsa mumkuyu, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti wapita. Kenako anayambanso, ndi mawu aja ankalankhula akamandituma kumsika.

"Mumve bwino. Mutsegule sutikesi, Dolofe agawe zovala. Chitenje chobiriwira chipite kwa Lusiya, zotsalazo aone okha. Njenjete nazonso zatopa nazo. Pamwambo musakalankhule zambiri, mumalakwitsa mukatalikitsa. Akakuthokozani, muyankhe kuti zikomo."

"Basi?"

"Mukafika kwanu muzipereka moni ndinu poyamba. Kulibe amene adzakukonzereni."

Ndinati ndamva, koma sindingathe kuchita chilichonse ndili m'thumba. Ndinamupempha kuti andimasule, popeza iye ndiye ankamasula mfundo zonse m'nyumba mwathu, ine zala zanga ndi zazikulu.

"Ndilibe manja," anatero. "Komanso taonani kumene kuli mfundo."

Ndinafufuza msoko kuyambira kumapazi, kukwera m'mbali, mpaka pamwamba pa mutu. Thumba lililonse limene ndasokapo mfundo yake imakhala kunja, chifukwa wosoka amakhala kunja. Ili mfundo yake inali m'kati, pafupi ndi pakamwa panga, yomangidwa kawiri, ulusi wotsala utadulidwa bwinobwino. Ndinayesa ndi zikhadabo, inakana. Ndinaitana Mayi Kalinde kuti andibwereke lumo, koma anali kutali, m'mphepete mwa msitu, akungodikira nambala yawo. Ndinaitana Eneresi. Mumkuyu munali mbalame zokha, zikudya.

Ndinaluma ulusiwo. Unali wowawa kuposa tsamba lililonse limene ndinalawapo paphiri lija, moti malovu onse anauma ndipo lilime linamamatira kumwamba. Ndinapitiriza kutafuna, pakuti munthu wa ntchito yanga salavula asanadziwe. Kakomedwe kake ndinakazindikira, ndipo sikanali ka mtengo uliwonse, kanali ka ine mwini. Ulusi unaduka. Msoko unayamba kumasuka wokha, pang'onopang'ono, kutsika m'mbali, ndipo mphepo yozizira inandikhudza pakhosi koyamba.

Ndinadzidzimuka ndili pakhonde, khosi litauma, mthunzi wa nyumba utafika pa mpanda. Alamu anga a Dolofe ankadutsa m'kanjira ka kuseri kwa khola atasenza ndowa, akuyang'ana kumbali, monga akhala akuchitira chaka chino kuti tisakumane maso. Ndinawapatsa moni. Anaima modabwa, madzi n'kutayikira pang'ono paphewa.

"Alamu," ndinatero, "kawauzeni anthu aviike chimera cha mwambo wondisudzula."

Anatula ndowa pansi. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana chitseko cha nyumba ya mng'ono wawo, n'kupukuta manja pachitenje ngakhale kuti sanali onyowa kwenikweni.

"Mwatsimikiza, alamu?"

"Ndatsimikiza. Makiyi a sutikesi ndikupatsani mawa."

"Ndiye mupitadi kwa Namasoko?"

"Ndipita."

Anakhala pansi pamwala wa pakhomo, chinthu chimene sanachitepo chimwalirire Eneresi. Nkhuku zinkatizungulira. Atayankhula, mawu awo anali otsika, ngati a munthu amene wapambana mlandu umene sankafuna kupambana.

"Koma kwanuko kudakali ndani, alamu?"

Ndinaganiza, ndinawerenga m'mutu nyumba ndi nyumba, ndipo sindinapeze dzina loti ndiwapatse.

"Kuli dothi," ndinatero. "Akuti lidzachedwa, koma silikana munthu."